Musanatukwane wakabaza, tafunsani kaye kuti njingayo ndi ya ndani

Galasi lakumanzere la kagalimoto kanga ndi lomanga ndi mphira ya chubu mpaka lero, ndipo aliyense akakwera amayamba wafunsa kaye kuti apa zinatani. Zinachitika madzulo ena cha mma 5 koloko tikukwawa pamzere wochoka mtauni kulowera ku Mchesi, mzere uja woti munthu wapansi amakupitirira nkukafika kwawo nkusamba iwe usanaione Biwi. Ndinangomva phwaa! Njinga yalowa pakati pa ine ndi ngalande, pakampata koti ngakhale mbuzi ikanayamba yaganiza kaye. Pa njingapo panali mnyamata woyendetsa, mayi wina wobereka mwana kumbuyo, ndi thumba la ufa atalikhazika pa thanki. Anagwa pang'onopang'ono ngati mufilimu, mwayi wake palibe anavulala kwambiri, mayi aja anangosupuka pabondo, mwana kulira ndi mantha basi.

Nde ndisanamasule nkomwe lamba, anthu andizungulira kale. Sindikudziwa anachokera kuti, koma njinga zinangoti mbwee, ena kutsogolo ena kumbuyo, injini osazimitsa. Wina akumenya boneti ndi chikhatho, wina walowetsa mutu pawindo, "akulu mwamugunda dala, tinaona ife." Ndikuti abale ine ndinali chiimire, galimoto yoima igunda bwanji munthu, palibe akumva. Kenako mnyamata wina wamtali wovala rifulekita yong'ambika anayankhula mosakweza mawu nkomwe, amvekere "inu a magalimoto mumationa ngati agalu." Ndinatulutsa ndalama, ina yogulira chogwirira buleki chomwe chinathyoka, ina ya mayi aja akagule panado, galasi langa palibe analitchula. Pochoka mpamene ndinayang'ana kumbuyo kwa njinga ija kuti mwina nditenge nambala. Panalibe nambala, panali kasitika kolembedwa kuti Mulungu ndi wabwino.

Sindinabwere kudzaikira kumbuyo kuyendetsa kwa anyamatawa, ayi ndithu, zomwe amachita pamsewu tonse timaziona. Maloboti akafiira kwa iwo ndiye kuti msewu wayera, ndi nthawi yodutsa. Pa raundabauti wina amalowera kumanja kudula njira chifukwa kuzungulira kukutha mafuta. Pomwe pakuyenda anthu apansi iwo ndi msewu wawo, akuimbira hutala agogo kuti apatuke. Usiku njinga ilibe nyali, mwina pasenja ndi amene wayatsa tochi ya foni, iwe umangozindukira chinthu chakuda chatulukira pamphuno. Anthu atatu anayi panjinga imodzi, ana asukulu asanu atapanikizana ngati nthochi paphava, mbuzi, malata opingasa msewu, chitseko, bokosi la maliro ndinalionapo ndi maso angawa. Helemeti ili lende pa handulo ngati chokongoletsa, kapena wavala chipewa cha pulasitiki chija cha omanga nyumba, kuphazi mapatapata. Ena mowa uli mmutu 10 koloko mmawa. Zonsezi nzoona ndipo zikupha anthu.

Amene akukayika apite tsiku lina nthawi yoona odwala ku wodi ya mafupa, kaya ku Queens ku Blantyre kaya ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chija anatsegula mu 2023 pafupi ndi Kamuzu Central. Madokotala akumeneko akhala akudandaula mmanyuzi ndi pawailesi kuti mabedi akudzadza ndi anthu a ngozi za kabaza. Ine ndinapita kukaona mwana wa achemwali anga, anali pasenja chabe akupita kuntchito, anathyoka fupa la ntchafu. Bedi loyandikana nalo kunali mnyamata woti ndevu sizinamere bwinobwino, mwendo uli mmwamba zitsulo zitatulukira kunja, mayi ake atakhala pansi pa simenti akumupepesera phala. Ndinawafunsa kuti mayi, mwini njinga wabwera kudzamuona? Anaseka kuseka kopanda chimwemwe, akuti anabwera tsiku loyamba kudzafunsa komwe kuli njinga.

Pamenepo mpamene pali nkhani yanga. Tikamakalipa pa Facebook kuti akabaza atikwana, timayankhula ngati anyamatawa anagwa kumwamba ndi njinga zawo zomwe. Ambiri mwa iwo njingayo si yawo. Mwini wake ndi munthu wovala taye, mphunzitsi, namwino, wa muofesi ya boma, wabizinesi ya pamsika, mzibambo wa mu kwaya ya kutchalitchi kwanu, wina ali ku Joni amangolandira pa foni. Anagula njinga ndi ngongole ya ku banki mkhonde kapena ya kuntchito, nkumupatsa mnyamata makiyi ndi lamulo limodzi lokha, madzulo aliwonse ndalama yanga ikhale yakwana. Tageti imeneyo sidziwa kuti lero kwagwa mvula, sidziwa kuti mafuta anagula a pa chigubu pamtengo wowirikiza, sidziwa kuti tayala linaphulika. Mnyamata amayamba kugwirira bwana, kenako mafuta, zotsalazo ndiye zake za ndiwo ndi lendi. Munthu wotereyu mukamuuza kuti adikire maloboti asinthe pomwe mnzake wadutsa kale kukatenga kasitomala pa siteji, amakuonani ngati mukumuuza kuti agone ndi njala mwaulemu.

Ndili ndi mnzanga wina, dzina ndisunge, timakonda kukhala pamodzi Loweruka tikuonera mpira. Munthu ameneyu akayamba kutukwana akabaza mpaka mitsempha ya pakhosi imatuluka, akuti onse angowalanda njinga nkuzitentha. Tsiku lina ali mkati motukwana chomwecho foni inalira, ndinangomva akuti "iwe mfana usandiuze za apolisi ine, dzulo unaperewera lero ukufuna uperewerenso? Ukabwere ndi ndalama yanga yonse." Atadula ndinamufunsa kuti aise, ameneyo ndi ndani. Akuti ndi mnyamata wanga wa njinga, ndili nazo ziwiri. Kkkk ndinasowa chonena. Ndiye kuti mmawa amatukwana wakabaza wa mnzake pa Area 18, madzulo akukalipira wake kuti sanathamange mokwanira.

Kale tikati kabaza timanena njinga yakapalasa, yokhala ndi kakhushoni pa kaliyala, ku Mzuzu ankati Sacramento. Imeneyo ngozi yake inali kusupuka chigongono. Zinthu zinasintha pomwe njinga zamoto zotchipa za ku China ndi ku India zinasefukira, ma Lifo, ma Kinglion, ma Boxer, ndipo zambiri sizinadzere pachipata. Amene amakhala ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje kapena ku Mangochi akudziwa kuti malire ndi Mozambique malo ena ndi msewu chabe kapena munda wa chimanga, njinga imalowa ikuyenda yokha. Njinga yoti sinalipire msonkho ku MRA singalembetsedwe ku Road Traffic, yopanda nambala singakhale ndi inshuwalansi, ndipo mwini wake sangadzivutitse kufuna mnyamata wa layisensi chifukwa chilichonse pa njingapo nchakuba kale. Malamulo alipo bwinobwino, Road Traffic Act ya 1997 ija imafuna zonsezi, kulembetsa, inshuwalansi, chisoti kumutu, layisensi ya Code A1 panjinga zing'onozing'ono zosapyola 125cc ndi Code A pa zazikulu. Koma mnyamata amene ndimakonda kukwera yake ndikasowa mafuta anandiuza mmene anaphunzirira, masiku awiri pa bwalo la mpira la pasukulu ya pulaimale kwawo, msuweni wake akumuthamangira pambali, tsiku lachitatu ananyamula kasitomala. Ndinamufunsa kuti pa raundabauti amayenera kuyamba ndani, akuti "amene wafika ndi mtima, bwana."

Nanga ife okwera? Apa ndiye timakhala chete. Ndi ife timati achimwene tathamangani ndachedwa ku intavyu, ndi ife timakwera awiri kuti tigawane mtengo, ndi ife timakweza ana atatu pa njinga imodzi mmawa uliwonse chifukwa basi ya sukulu ndi yodula. Akakupatsa helemeti umayamba kuinunkhiza, amayi akuti iwononga tsitsi ndangomanga dzulo, abambo akuti muli thukuta la anthu. Chomwe timakwerera kabaza mtauni nchoti iye saima pamzere, amalowa pomwe galimoto singalowe, ndiye tikamulipira timakhala tikulipira kuphwanya malamulo komweko. Walira mvula walira matope. Wakabaza woyenda bwinobwino kumbuyo kwa minibasi osapitirira, kasitomala amatsika nkumuuza kuti bola ndikanangokwera minibasi yomweyo.

Ndipo mawu a mnyamata wa rifulekita yong'ambika aja, ngakhale anandipweteka, sanali abodza kwenikweni. Takhalani kumbuyo kwa njinga tsiku limodzi muone mmene ife a magalimoto timaonekera. Minibasi imaima paliponse pomwe kondakitala waona mutu wa munthu, osayatsa indiketa. Ma Sienta atsegula chitseko osayang'ana kumbuyo. Bwana wa chigalimoto chachikulu ali pa WhatsApp uku akukhota. Pa M1 thiraki ikamabwera wanjinga amadziwa yekha kuti atsike phula alowe mfumbi, pomwe mmbali mwa msewumo munadyeka kale mpaka pali chiphompho ngati sitepe. Malamulo amati njinga yamoto ili ndi ufulu wokhala pakati pa leni ngati galimoto ina iliyonse, koma tayesani kutero muone hutala ndi mitukwano yake. Tinawaphunzitsa tokha kuti malo awo ndi mmphepete ndi mmipata, lero tikudabwa kuti bwanji akutulukira mmipata. Komanso tisanamizane, si onse a magalimoto amene layisensi yawo anaipeza atayesedwa, ena inangowapeza kunyumba.

Za gulu lija lomwe limakuzungulira pakachitika ngozi ndaziganizira nthawi yaitali, mwina chifukwa manyazi a tsiku lija sanandichoke. Galimoto ziwiri zikagundana eni ake amatsika, kujambula, kuitana a trafiki, lipoti la polisi, kenako a inshuwalansi. Wakabaza alibe chilichonse mwa zimenezi. Akaitana apolisi woyamba kutaya ndi iyeyo chifukwa njinga ilibe mapepala, iye alibe layisensi, ndipo madzulo bwana akufuna njinga yake yamoyo. Nde inshuwalansi yake ndi anzakewo, khoti lake ndi pamsewu pompo, chigamulo chimatuluka mu mphindi 10 ndipo wolakwa nthawi zonse ndi amene ali ndi mawilo anayi. Ndikumvetsa komwe zimachokera koma sindikuzivomereza ngakhale pang'ono, chifukwa mapeto ake ndi oopsa kwa iwo omwe. Masiku ano madalaivala ambiri amalangizana poyera kuti ukagunda wakabaza usaime, thawira ku polisi. Tangoganizani, munthu ali gone pa phula magazi akutuluka, galimoto yomwe ikanamuthamangitsira kuchipatala yathawa kuopa kuphwanyidwa kapena kutenthedwa. Ku Kenya zinafika poipa mu March 2022 pomwe a boda boda, akabaza akumeneko, anazungulira mayi wina woyendetsa galimoto mu Nairobi pambuyo pa ngozi nkumuchita zachipongwe, kanema wake anazungulira dziko lonse mpaka pulezidenti wa nthawiyo Uhuru Kenyatta analamula kuti onse alembetsedwe mwatsopano. Ife sitili kutali ndi pamenepo.

Mizere ya mafuta ija, kuyambira 2022 mpaka kubwerezabwereza zaka zotsatira, inangothira mchere pachilonda. Iwe wagona pa filing'i siteshoni usiku wonse, thanki yafika, ukuona njinga makumi zaunjikana pa pampu, wina wathira wapita kuseri wakapopera mu chigubu wabweranso. Udani wina womwe tikuuona pamsewu lerowu unabadwira pamenepo. Koma amene ankagula mafuta a mzigubu aja pamtengo wamisala anali ndani, si ife tomwe a magalimoto?

Ena akuti njinga za kabazazi angoziletsa mmatauni basi. Ku Lagos, ku Nigeria, anachitadi zimenezo mu June 2022, analetsa ma okada, akabaza akumeneko, mmadera angapo a mzindawo nkumaphwanya njinga zogwidwa. Chabwino, tiyerekeze taletsa mawa. Mayi wa mkati mwa Mtandire kapena Chinsapo kapena kumtunda kwa Bangwe komwe minibasi sifika, nthawi ya dzinja matope ali mmaondo, atuluka bwanji ndi dengu lake la tomato? Kumudzi ndiye osanena, wakabaza ndi amene ali ambulansi, ndi amene amanyamula mayi woyembekezera 2 koloko usiku kupita naye ku chipatala chaching'ono. Ndipo anyamata masauzande amenewa, ambiri a MSCE yawo mthumba, mukawatsitsa panjinga mukawaika kuti? Olemba ntchito ake ali kuti? Amene amanena zoletsa nthawi zambiri ndi woti pakhomo pake pali galimoto ziwiri ndipo msewu wa kwawo ndi wa phula mpaka pageti.

Zomwe timachita panopa ndiye zoseketsa. Kamodzi pakanthawi kumachitika chipikisheni, apolisi mbalambanda pamphambano, njinga kuzikweza mu lole, nkukaziunjika kuseri kwa polisi komwe zina zimachita dzimbiri udzu nkumera mmasipoko. Masiku atatu mtauni muli bata, sabata yotsatira zonse zabwerera mwakale. Pa masiku atatuwo ngozi zina zimachitika chifukwa chothawa komweko, mnyamata waona yunifolomu watembenuka mwadzidzidzi ndi pasenja kumbuyo osayang'ana chomwe chikubwera. Amene wagwidwa amadziwa kuti nkhani imatha ndi ya fanta. Wolangidwa ndi mnyamata, mwini njinga ali phee muofesi akudikira Airtel Money kapena Mpamba ilire. Andale nawo sangayerekeze kulimbana nazo zenizeni, chifukwa nthawi ya kampeni chipani chilichonse chimafuna mdipiti wa njinga kutsogolo kwa galimoto ya bwana, kuwathirira mafuta, kuwaveka malaya a chipani, iwo akuimika njinga ndi tayala limodzi opanda helemeti pamaso pa apolisi omwewo. Tinaziona chisankho cha 2025 chisanachitike, mitundu yonse ya makaka. Munthu amene wamugwiritsa ntchito chonchi mu August sungakamuuze mu October kuti alemekeze maloboti.

Amene anafikako ku Kigali amabwera akusimba zomwezomwezo, wanjinga aliyense ali ndi helemeti ziwiri, yake ndi ya pasenja, wavala chovala cholembedwa nambala kumsana, amanyamula munthu mmodzi basi. Sikuti anyamata a ku Rwanda anabadwa ndi mitima ya angelo, nawonso amathamanga ndipo ngozi zimachitika. Kusiyana kwake nkoti kumeneko wanjinga amadziwika, akalakwa pali pomwe ungayambire kumufufuza, ndipo iye akudziwa zimenezo. Kwathu kuno munthu amakhala pa makina othamanga makilomita 80 pa ola alibe dzina, alibe nambala, akakugunda nkulowa mnjira za mmakwalala ndiye kuti nkhani yathera pompo. Munthu aliyense, ngakhale inu ndi ine, mutatichotsera nambala puleti kwa mwezi umodzi mungaone mmene tingayendetsere.

Ndiye ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayambira kwa mwini njinga. Njinga ikagwidwa yopanda nambala kapena woyendetsa alibe layisensi, mnyamatayo atchule bwana wake, samani ipite kwa bwanayo, akaime yekha pamaso pa majisitireti ndi taye yake yomweyo. Ikapha kapena kuvulaza munthu ilibe inshuwalansi, chipukuta misozi chichoke mthumba mwa mwini wake, ngati ndi wapantchito azimudula kumalipiro. Mungaone mmene anthu angathamangire kukalembetsa. Koma kuti zimenezi zitheke boma nalo lisiye kuuma mutu pa njinga zomwe zinalowa kale, zilipo ndipo sizibwerera ku Mozambique, aike kamtengo kamodzi kochepa koti munthu alipire njinga ikhale yovomerezeka, kwa miyezi ingapo, kenako chitseko chitsekedwe. Ndalama yochepa yochokera ku njinga zonse iposa ndalama yambiri yomwe palibe akulipira.

A Road Traffic nawo atuluke mmaofesi. Mnyamata wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangasiye ntchito sabata yathunthu, kulipira thiransipoti ndi malo ogona mumzinda kuti akaime pamzere netiweki nkukhala kuti yathawa. Apite iwowo pa boma lililonse, pa bwalo la mpira lomwe lija anaphunzirirapo, mayeso akhale apakamwa mu Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, amuone akuyendetsa, amuphunzitse za raundabauti ndi maloboti masiku awiri atatu. Masiteji ali kale ndi matcheyamani awo, amatolera kale ndalama za umembala ndi za maliro, ndipo kuli bungwe lawo la MACOKASA lomwe limawayankhulira, nde chovuta nchiyani kuti siteji iliyonse ikhale ndi kaundula ndipo aliyense avale rifulekita ya nambala yaikulu yooneka patali? Tcheyamani amene anyamata ake azungulira galimoto nkuphwanya magalasi ayankhe ndi iyeyo, amawadziwa onse ndi maina awo ndi kwawo komwe.

Mnzanga wa njinga ziwiri uja ndinamuuza zonsezi Loweruka lina pa hafu taimu. Anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, kenako akuti mfundo zako nzabwino aise koma kulembetsa njinga ziwiri ndi inshuwalansi yake ndiye kuti phindu la miyezi ingapo lapita, nanga ngongole ndibweza ndi chani. Ndinamufunsa ngati anyamata ake ali ndi layisensi. Akuti mmodzi anandiuza kuti ali nayo koma sindinaione, winayo ndi mwana wa mlamu wanga, ndi wochangamuka kwambiri, anaphunzira tsiku limodzi lokha.